iNaturalist ndi shaki ziwiri zofanana za kugombe la Tanzania ndi Mozambique: pamene imathandiza ndi pamene imakusocheretsani

Anthu ambiri a kuno ku Lusaka amakaiona nyanja yamchere chifukwa cha malonda kapena sukulu. Ena amakwera basi ku Intercity, ena sitima ya TAZARA ku Kapiri Mposhi, ulendo wa makilomita 1,860 mpaka ku Dar es Salaam. Amene wafika m'mamawa pamsika wa nsomba wa Kivukoni, pafupi ndi pokwerera pantoni yopita ku Kigamboni, amapeza shaki zing'onozing'ono zitayalidwa pansi, zotuwa pamsana, zoyera pamimba, zambiri zosafika mita imodzi. Wogulitsa amangoti "papa", dzina la shaki m'Chiswahili, ndipo ku Beira kapena ku Nacala, ku Mozambique, amangoti "tubarão" m'Chipwitikizi. Pamulu umodzi womwewo pamatha kukhala mitundu iwiri yosiyana, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti zonsezo ndi ana a shaki zikuluzikulu, pamene zina ndi zokhwima kale, zobereka.

Ndemanga ino ndi ya pulogalamu ya pafoni yotchedwa iNaturalist, ndipo taiyeza pa ntchito imodzi yokha yovuta: kusiyanitsa Rhizoprionodon acutus, imene pulogalamuyi imailemba kuti milk shark, ndi Loxodon macrorhinus, imene imalembedwa kuti sliteye shark. Maganizo athu ndi akuti pulogalamuyi ndi yoyenera kukhala nayo, koma phindu lake lili mwa anthu amene amayang'ana zithunzi zanu. Dzina limene kompyuta yake imakupatsani pakangotha masekondi ochepa musalikhulupirire pa shaki ziwirizi, ndipo zithunzi zikakhala zolakwika palibe katswiri amene angakuthandizeni.

iNaturalist inayamba mu 2008 ngati ntchito ya ophunzira a pa yunivesite ya California ku Berkeley. Kwa zaka zingapo inkayendetsedwa ndi California Academy of Sciences pamodzi ndi National Geographic Society, ndipo kuyambira 2023 ndi bungwe loima palokha losachita malonda. Salipiritsa. Imapezeka pa Android, pa iPhone ndi pa kompyuta. Mumajambula chamoyo, mumaika tsiku ndi malo, mumatumiza. Kuyambira 2017 ili ndi kompyuta yozindikira zithunzi imene imakupatsani maina angapo oti musankhepo. Pambuyo pake anthu ena, ena mwa iwo akatswiri a nsomba enieni, amaona zithunzizo n'kuikapo dzina limene akuliona kuti ndi lolondola. Anthu awiri kapena oposerapo akaikapo maina ndipo oposa magawo awiri mwa atatu agwirizana pa mtundu umodzi, cholembedwa chanucho chimachoka pa Needs ID, mndandanda wa zofunika kuonedwa, n'kukhala Research Grade, gulu la zimene anthu agwirizana pa dzina lake, ndipo chikhoza kulowa m'nkhokwe ya padziko lonse ya GBIF imene ofufuza amagwiritsa ntchito.

Tiyambe ndi nsombazo, chifukwa simungajambule bwino chinthu chimene simukudziwa pamene pali kusiyana kwake.

Zonse ziwiri ndi za banja la Carcharhinidae, banja lomwelo la shaki yaikulu yotchedwa ya Zambezi imene imalowa m'mitsinje. Milk shark inalembedwa koyamba ndi Rüppell mu 1837. Kawirikawiri siipitirira mita imodzi ndi masentimita 10. Imakonda madzi osaya a m'mbali mwa gombe, a mchenga kapena matope, ngakhale pamathiriro a mitsinje pamene madzi ndi avundu. Imabereka ana amoyo, kuyambira mmodzi mpaka 8 pa bere limodzi. Dzina lake linachokera ku India, kumene anthu ena amakhulupirira kuti nyama yake imachulukitsa mkaka wa m'mawere. Imapezeka kuyambira ku South Africa mpaka ku Red Sea, kum'mawa mpaka ku Japan ndi ku Australia, komanso kugombe la kumadzulo kwa Africa mpaka ku Angola. Sliteye inalembedwa ndi Müller ndi Henle mu 1839, ndipo ndi yokhayo mu fuko la Loxodon. Siifika mita imodzi, imakonda madzi oyera oonekera pansi, akuya kuyambira mamita 7 mpaka 100, ndipo imabereka ana 2 mpaka 4. Kunyanja ya Atlantic kulibe, choncho amene wajambula shaki yotere ku Luanda kapena ku Lobito alibe chifukwa choiganizira.

Mayi wogulitsa pa Soweto Market sasokoneza kapenta ya ku Mpulungu ndi ya ku Siavonga, chifukwa amadziwa pamene diso liyenera kugwera. Pa shaki izi malo oyang'ana ndi atatu, ndipo awiri mwa iwo ali kumutu.

Poyamba itembenuzeni chagada muone pansi pa mutu. Pakona iliyonse ya kamwa pamakhala kakhwinya, ngati kamzere kodindika pakhungu, kamene kamayenda m'mbali mwa mlomo wa m'mwamba kulowera kutsogolo, ndi kena kakafupi m'mbali mwa mlomo wa m'munsi. Pa milk shark kakhwinya ka m'mwamba ndi kakatali, kooneka bwino ngakhale mutaima. Pa nsomba ya masentimita 80 kamapitirira sentimita imodzi. Pa sliteye kakhwinyako kangokhala kadzina chabe, kamathera pakona pomwepo, ndipo kamwa ikakhala yotseka mumachita kukafunafuna. Ichi ndiye chizindikiro cholimba kwambiri, chifukwa sichisintha nsomba ikafa, ikakhala mu ayezi tsiku lonse, kapena ikayamba kuuma. Kumbuyo kwa kona ya kamwa ya milk shark kulinso mzere wa timabowo tokulirapo, kawirikawiri 7 mpaka 15 mbali iliyonse, koma timeneti foni wamba siitigwira bwino, ndipo sitikulangizani kutaya nthawi nato.

Chachiwiri ndi diso. Zonse zili ndi maso aakulu. Pa sliteye, m'mphepete mwa diso mbali ya kumbuyo, yoloza kumchira, muli kang'alu kakang'ono kolowa pakhungu, moti diso silikhala lozungulira bwinobwino. Pa milk shark m'mphepetemo ndi mosalala, mozungulira. Chizindikirochi ndi chabwino pa nsomba yatsopano, koma chimasokoneza mosavuta. Shaki za banja limeneli zili ndi kachikope koyererako kamene kamachokera m'munsi n'kuphimba diso, ndipo pa nsomba yakufa kamatha kutsalira pakatikati, n'kupanga mzere umene wosadziwa amauyesa kang'alu. Nsomba ikakhalitsa padzuwa diso limalowa m'kati, khungu lozungulira limachita makwinya, ndipo milk shark imayamba kuoneka ngati ili ndi kang'alu. Muziyang'ana m'mphepete mwa chibowo cha diso, kumbuyo kwenikweni, ndipo muone maso onse awiri. Kang'alu kenikeni kamakhala mbali zonse, pamalo amodzimodzi.

Chachitatu ndi pamene chipsepse choyamba cha pamsana chayambira. Igonekeni nsombayo cham'mbali, zipsepse za pachifuwa muzipanikize pathupi. Pezani nsonga ya m'kati ya chipsepse cha pachifuwa, ija yoyandikana ndi thupi chakumbuyo, ndipo muyerekeze mzere wochoka pamenepo kukwera pamsana. Pa milk shark chipsepse cha pamsana chimayambira pa mzerewo kapena pafupi nawo kwambiri. Pa sliteye chimayambira kumbuyo ndithu, pamatsala mpata wooneka, ndipo chipsepsecho chimakhala chapakati pa zipsepse za pachifuwa ndi za pamimba. Sliteye imaonekanso yoonda kwambiri, mphuno yake yaitali ndi yopapatiza, koma kuonda musakudalire: milk shark yaing'ono yamphongo nayo ndi yoonda.

Pali zinthu zimene zimangokuuzani kuti nsombayo ndi imodzi mwa ziwirizi, osakuuzani kuti ndi iti. Chipsepse chachiwiri cha pamsana ndi chaching'ono, chachifupi, ndipo chimayambira kumbuyo kwa pamene chipsepse cha pansi cha kumchira chayambira. Kutsogolo kwa chipsepse cha pansicho kuli timizere tiwiri titalititali totukuka pakhungu, timene mumatimva ndi chala. Ana a mitundu yambiri ya Carcharhinus, fuko lina la shaki za banja lomweli, alibe timizere totalika choncho, ndipo zipsepse ziwirizo zimayambira moyang'anana. Mukaona dontho lakuda bii kunsonga ya m'munsi ya mchira ndi kunsonga za zipsepse za pachifuwa, mwagwira mtundu wina, ndipo nkhani ino siikukhudzanso nsombayo. Mtundu wa khungu nawo ulibe ntchito. Sliteye yatsopano imakhala ndi kamzere kakuda kopyapyala m'mphepete mwa chipsepse choyamba cha pamsana ndi mchira, koma mu ayezi kapena padzuwa zimenezi zimafwifwa msanga. Mano a ziwirizi ndi opendekeka mofanana, ndipo kukanula kamwa kuti muwaone kumangobisa kakhwinya kamene mukufuna.

Lamulo la kakhwinya limagwira ntchito kugombe la kum'mawa kwa Africa. Amene amakagula katundu ku Dubai kapena ku India adziwe kuti kumeneko kuli mbale wake wa milk shark, Rhizoprionodon oligolinx, amene kakhwinya kake ndi kakafupi. Kumeneko diso ndi chipsepse cha pamsana ndi zimene zimagamula.

Tsopano zithunzi. iNaturalist imalola zithunzi zambiri pa cholembedwa chimodzi, ndipo apa ndi pamene yaposa kufunsa pa gulu la WhatsApp, chifukwa zonse zimakhala pamodzi, ndi tsiku ndi malo ake, ndipo munthu akhoza kudzazipeza patapita chaka. Pa shaki imodzi mufunika zinayi.

Choyamba ndi thupi lonse cham'mbali, kuyambira kunsonga ya mphuno mpaka kunsonga ya mchira, foni itayang'ana pakati pa thupi. Mukajambula mutaima chakumutu, mutu umakula, zipsepse zimasuntha malo, ndipo mpata uja wa chipsepse cha pamsana sungayezedwe. Pa nsomba yakufa chipsepse cha pamsana chimagwera mbali imodzi, choncho pemphani wina achiimike ndi zala atagwira kunsonga, osaphimba tsinde lake. Ikani tepi yoyezera kapena rula m'mbali. Utali umayezedwa mowongoka kuchoka kumphuno kufika kunsonga ya m'mwamba ya mchira, tepi ili pansi, osaikulunga pathupi.

Chachiwiri ndi pansi pa mutu, kamwa yotseka. Tsukani mchenga ndi magazi ndi madzi pang'ono, kenako pukutani, chifukwa khungu loyera lonyowa limanyezimira ndipo kakhwinya kamasowa m'kuwalako. Kuwala kuchokere m'mbali kuti kamzereko kachite mthunzi. Dzuwa la m'mawa ndi labwino, la masana loomba pamutu limafafaniza chilichonse. Mukakhala padzuwa lamphamvu, tchingani ndi thupi lanu kuti mutu wonse ukhale mumthunzi.

Chachitatu ndi diso chapafupi. Zimitsani fulashi. Kumbuyo kwa diso la shaki kuli kachigawo kobweza kuwala, ndipo fulashi imangokupatsani mpira wowala wopanda m'mphepete. Musayandikire kwambiri, mafoni ambiri salunjika bwino pa chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 10. Imani pa masentimita 20 kapena 30, gundani pa sikirini pamene pali diso, jambulani, kenako dulani chithunzicho kuti diso lidzaze. Kudulako n'kofunika chifukwa iNaturalist imachepetsa chithunzi chilichonse kuti mbali yake yaitali isapitirire mapikiselo 2048. Mukatumiza chithunzi cha nsomba yonse n'kumayembekezera kuti katswiri akulitsa kuti aone diso, adzapeza chimbuuzi chokhachokha.

Chachinayi ndi chigawo cha kumchira cham'mbali, kusonyeza chipsepse chachiwiri cha pamsana ndi cha pansi pamodzi. Ngati mpata ulipo onjezani cha pamimba: yamphongo ili ndi ziwalo ziwiri zonga timitengo m'kati mwa zipsepse za pamimba, ndipo zikakhala zazitali ndi zolimba ndiye kuti ndi yokhwima. Izi n'zimene zimasonyeza kuti nsomba ya masentimita 75 si mwana wa shaki yaikulu.

Pemphani kaye mwini wake musanaigwire nsomba. Pamsika wotanganidwa wogulitsa safuna munthu wotembenuza katundu wake popanda kugula, ndipo nthawi yabwino ndi malonda akangotha. Khungu la shaki limakala mukalisisita kuchokera kumchira, ndipo shaki yongovuulidwa kumene imaluma ngakhale ikuoneka ngati yafa, choncho gwirani kumbuyo kwa mutu.

Mukatsegula pulogalamu n'kuika zithunzi, pamene pamalembedwa dzina pamabwera maganizo a kompyuta. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwira, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Kompyutayi imaphunzira kuchokera ku zithunzi zimene anthu anatumiza kale, ndipo mtundu umalowa mu mndandanda wake pokhapokha ukakhala ndi zithunzi zokwanira, pafupifupi 100. Mtundu umene sujambulidwa kawirikawiri sungatchulidwe n'komwe, ndipo m'malo mwake mumapatsidwa mbale wake wotchuka. Shaki zazing'ono zotuwa zonse zimafanana zikajambulidwa cham'mbali, moti chimene kompyuta imagwira ndi maonekedwe a thupi lonse, pamene kusiyana kwenikweni kuli pa kamzere ka sentimita imodzi pansi pa mutu. Ndiponso imaona chithunzi chimodzi pa nthawi. Siingaphatikize diso, kamwa ndi chipsepse monga amachitira munthu.

Chinanso n'chakuti imagwiritsa ntchito malo posankha maina, n'kumakondera mitundu imene ikuyembekezeka pafupi. Zimenezi zimathandiza malo akakhala olondola. Koma ambiri amajambula ku Dar es Salaam n'kudzatumiza atafika ku Matero kapena ku Chilenje, ndipo ngati chithunzi chilibe malo ake m'kati mwake amangoika pamene ali. Shaki imaoneka pamapu pakati pa Lusaka, maina operekedwa amasokonekera, ndipo woyang'ana woyamba amachonga kuti malo ndi olakwika. Yatsani GPS ya kamera musanajambule. Ngati mnzanu ndi amene wajambula, asakutumizireni pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chifukwa WhatsApp imachotsa tsiku ndi malo n'kuchepetsanso chithunzicho. Atumize ngati document. Komabe cholembedwa chiyenera kukhala cha amene anaiona nsombayo ndi maso ake, choncho ndi bwino mnzanuyo atsegule akaunti yake.

Chochita n'chapafupi. Ngati mwaona kakhwinya kakatali, diso losalala ndi chipsepse choyambira pa mzere uja, lembani Rhizoprionodon acutus. Ngati mwaona zitatu za mbali inayo, lembani Loxodon macrorhinus. Zikasemphana, kapena chimodzi simunachione, lembani Carcharhinidae basi, n'kufotokoza m'bokosi la ndemanga utali wa nsomba ndi chimene mwaona. Dzina la banja lokha limakwanira kuti odziwa shaki achipeze cholembedwa chanu, chifukwa amasefa ndi magulu. Mukasiya popanda dzina lililonse chimagwera m'gulu la Unknown, m'mene zinthu zimakhalitsa osaonedwa.

Batani la Agree, lovomereza dzina limene wina waika, ndilo chofooka chachikulu cha pulogalamuyi. Anthu awiri okha akagwirizana, cholembedwa chimakhala Research Grade. Mlendo akaika dzina, inu n'kudina Agree pongomuthokoza, mwapanga umboni wa anthu awiri pamene woona ndi mmodzi. Zikakhala kuti nayenso anangotengera kompyuta, ndiye kuti palibe amene anayang'ana kamwa, koma cholembedwacho chatuluka kale pa mndandanda wa zofunika kuonedwa ndipo chikupita kwa ofufuza. Pa mbalame zodziwika zolakwa zotere zimagwidwa msanga chifukwa oyang'ana ndi ambiri. Pa shaki zazing'ono za kum'mawa kwa Africa oyang'ana ndi ochepa. Wina akaika dzina losiyana ndi lanu, mufunseni kuti waona chiyani. Mukakhutira kuti lanu silinali lolondola koma simungatsimikize lakelo, gwiritsani ntchito Withdraw, muchotse lanu, mudikire wachitatu.

Nkhani ya nsomba za pamsika ili ndi vuto lakelake. Pulogalamuyi imafuna malo amene chamoyo chinali mwa icho chokha, ndipo shaki siikhala pa tebulo la ku Kivukoni. Oyang'ana ambiri akaona nsomba pamsika amachonga kuti si yakutchire kapena kuti malo si olondola, ndipo cholembedwacho chimakhala Casual, gulu la zolembedwa zimene sizingafike pa Research Grade. Zolembedwa za Casual sizioneka pa tsamba limene ozindikira amagwirirapo ntchito pokhapokha atasintha zosefera, choncho mukhoza kudikira miyezi popanda yankho. Apa pulogalamuyi siinaganizire anthu onga ife, amene shaki timaionera pamsika. Njira ziwiri zimathandiza. Yoyamba, funsani msodzi kumene anaigwira, muike chizindikiro m'nyanja pamalopo, n'kukulitsa bwalo la kulondola kwa malo kuti likwane dera lonselo, ndipo mulembe poyera kuti nsombayo munaiona pamsika ndipo malowo ananena ndi msodzi. Musapeke malo. Yachiwiri, pitani pa tsamba la mtunduwo pa kompyuta, muone amene ali pamwamba pa mndandanda wa ozindikira, mutchule mmodzi kapena awiri mu ndemanga poika @ patsogolo pa dzina lawo. Ndi anthu ongodzipereka, choncho musaitane khumi nthawi imodzi. Chonganinso Dead pa Annotations, ndi Male kapena Female ngati mwaona.

Pa shaki youma kapena yodulidwa, iNaturalist ilibe chokupatsani, ndipo pamenepa sitingaiimbe mlandu. Asodzi amakonda kuchotsa zipsepse n'kuzigulitsa pazokha, thupi n'kuling'amba, kulithira mchere ndi kuliyanika. Mutu ukachoka, zizindikiro ziwiri zapita. Zipsepse zikachoka, pa nsomba yaiwisi mukhoza kuonabe zipsera za pamene zinali n'kuyerekeza mpata uja, koma pa chidutswa chouma palibe chotsala, ndipo ofufuza okha amagwiritsa ntchito DNA. Ngati mutu wouma ulipo, kakhwinya ka milk shark kamaonekabe. Fungo lamphamvu longa la mkodzo silikuuzani mtundu: shaki zonse zimasunga urea m'magazi, ndipo nsomba ikachedwa kukhetsedwa magazi ndi kuikidwa mu ayezi, mabakiteriya amaisandutsa ammonia.

Wina angafunse kuti kudziwa mtundu kuli ndi phindu lanji kwa munthu wa dziko lopanda nyanja. Bungwe la IUCN, limene limaunika zamoyo zimene zili pangozi yotha, linaika milk shark m'gulu la Vulnerable mu 2020, kutanthauza kuti ikuchepa moopsa, pamene sliteye ili pa Near Threatened, kutanthauza kuti yatsala pang'ono kulowa m'gulu la zimene zili pangozi. Mabuku a pamadoko akangolemba kuti papa, palibe amene angadziwe kuti ikutha ndi iti, ndipo chithunzi chabwino chimodzi chokhala ndi tsiku, malo ndi utali chimakhala umboni weniweni wochokera kugombe limene zolembedwa zake n'zochepa. Amalonda ali ndi chifukwa china. Pamsonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire, ku Panama mu November 2022, mayiko anaika banja lonse la Carcharhinidae pa Appendix II, mndandanda wa zamoyo zimene zimafuna chilolezo pozitumiza kunja, ndipo lamuloli linayamba kugwira ntchito pa 25 November 2023. Zambia, Tanzania ndi Mozambique onse ali m'panganoli. Shaki ziwirizi zonse zili m'banjalo, choncho katundu wogulitsa wa nyama kapena zipsepse zake wodutsa pa Tunduma ndi Nakonde, kapena pa Cassacatiza ndi Chanida, amafunika chilolezo cha dziko limene akuchokera. Kuno kwathu nkhani za CITES zimayang'aniridwa ndi Department of National Parks and Wildlife. Dzina la Research Grade pa foni yanu si chikalata, ndipo wa pachipata sangalilandire m'malo mwa chilolezo.

Pa nkhani ya bandulo, pulogalamuyi imalola kusunga zolembedwa popanda intaneti. Pitani ku Settings muzimitse kutumiza kodzichitikira, apo ayi zithunzi zimayamba kukwera mukadali pa roaming ndipo ndalama zimatha musanadziwe. Mudzatumize mukapeza Wi-Fi kapena mukagula laini ya komweko. Jambulani ndi kamera ya foni, kenako mudzalowetse zithunzizo mu pulogalamu, chifukwa potero mumatha kuzidula ndi kusankha zabwino, ndipo zoyambirira zimatsala kwa inu. Pali pulogalamu ina ya bungwe lomweli yotchedwa Seek, yosafuna akaunti ndipo imazindikira popanda intaneti. Ndi yabwino kwa ana pophunzira tizilombo ndi maluwa a pabwalo, koma yankho lake ndi la kompyuta yokha, choncho pa shaki izi siikupatsani chimene mukufuna.

Mabatani ake alibe Chichewa, ndipo pafoni yotsika mtengo yokhala ndi malo ochepa imachedwa kutsegula mapu. Zina zofunika, monga kuona mndandanda wa ozindikira ndi kusefa zolembedwa za mtundu umodzi m'dziko limodzi, zimayenda bwino pa kompyuta kuposa pafoni. Kusefako muyambe nako musanapite kugombe: tsegulani zithunzi za mitundu iwiriyi, mufunefune za pansi pa mutu, muziyang'ane mpaka diso lizolowere utali wa kakhwinya. Mudzaona nokha kuti zithunzi zotere n'zochepa poyerekeza ndi za munthu atanyamula nsomba akumwetulira, zala zake zitaphimba chipsepse cha pachifuwa.

Onaninso mu Settings chilolezo chimene mumapereka kuti ena agwiritse ntchito zolembedwa zanu. GBIF imatenga zolembedwa za Research Grade zokhala ndi CC0, CC BY kapena CC BY-NC zokha. Mukasankha kusunga ufulu wonse, anthu a pa iNaturalist adzakuthandizanibe kupeza dzina, koma cholembedwacho sichidzafika m'nkhokweyo. Ophunzira a ku UNZA kapena ku Natural Resources Development College amene akufuna kuti ntchito yawo ya kugombe idzagwiritsidwe ntchito ndi ena asankhe chimodzi mwa zitatuzi asanatumize shaki yoyamba.